Mafunso Anu: M'bindikiro wa Yoga Kunja Dzuwa Likuswa Mtengo

Makalata ambiri amene talandira ulendo uno akuzungulira pankhani imodzi. Anthu asunga ndalama zoti akapume kunja pa m'bindikiro wa yoga (masewero odziongola thupi, kupuma mwadongosolo ndi kusinkhasinkha), sabata imodzi kapena masabata awiri, koma tchuthi chawagwera mu Juni, Julayi kapena Ogasiti, miyezi imene kumpoto kwa dziko lapansi kumakhala ngati ng'anjo. Tasankhapo angapo, ena tawadula kuti akwane. Akuyankha ndi alangizi athu a zaumoyo ndi a zamaulendo.

FUNSO: Alangizi, ndaona pa intaneti malo atatu ndipo onse anditenga mtima: ena ali ku Rishikesh ku India, ena kumwera kwa Spain, ena ku Bali. Mitengo yake sikusiyana kwenikweni. Tchuthi changa ndi cha mu Julayi. Ndilowere kuti? Ndine mayi wogwira ntchito mu ofesi.

YANKHO: Mayi, zithunzizo ziikeni kaye pambali. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wojambula amasankha tsiku lokoma ndi ola lokoma, pomwe inu mukakhalako usana ndi usiku. Mu Julayi malo atatuwa amakhala m'nyengo zitatu zosiyana kotheratu.

Rishikesh ili m'mbali mwa mtsinje wa Ganges, m'tsinde mwa mapiri a Himalaya. Dzina loti Himalaya limapusitsa ambiri, chifukwa tauni yeniyeniyo ili pansi, siifika n'komwe mamita 400 kuchokera pamlingo wa nyanja. Mu Meyi ndi Juni kutentha kumayandikira madigiri 40. Pofika Julayi mvula ya monsoon imakhala yayamba. Dzuwa limafooka koma chifundizi chimakula, mtsinje umadzaza, ndipo misewu ya m'mapiri a Uttarakhand, dera limene kuli Rishikesh, imatsekeka kawirikawiri ndi nthaka yogumuka. Pali chifukwa chake chikondwerero chachikulu cha yoga cha ku Parmarth Niketan, nyumba ya uzimu ya m'tauniyo, amachiika mu Malichi. Rishikesh isungireni Malichi, Okutobala kapena Novembala.

Kumwera kwa Spain zimatengera kuti malowo ali pansi kapena pamtunda. M'chigwa, ku Seville ndi ku Córdoba, madigiri 40 mu Julayi si chachilendo. Koma midzi ina ya ku Alpujarras, m'mapiri a Sierra Nevada, ili pamtunda woposa mamita 1,200. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 ndi theka pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera, choncho m'chigwa mukakhala 40, kumtundako kumakhala cha m'ma 32, ndipo usiku munthu amagona. Funsani dzina la mudzi weniweniwo. Kungoti "kumwera kwa Spain" sikukuuzani kanthu.

Bali ndi chilumba cha ku Indonesia, kumwera kwa equator, ndipo Julayi ndi umodzi mwa miyezi yake yozizirirapo, ya mvula yochepa. M'tauni ya Ubud masana kumakhala cha m'ma 28 mpaka 30. Vuto lake ndi khamu. Alendo amachuluka, misewu imathinana, zipinda zimakwera mtengo, ndipo kuyambira mu Febuluwale 2024 mlendo aliyense wochokera kunja amalipiranso msonkho wa ma rupiah 150,000, ndalama za kumeneko.

Ife tikanati Bali, kapena Spain ngati mudziwo uli pamtunda. Koma kulikonse kumene mtima wanu wagwera, fufuzani manambala atatu a mudziwo m'mwezi umene mukupita: kutentha kwa masana, kutentha kwa usiku, ndi chinyezi cha mumpweya. Ambiri amangoona nambala yoyambayo, chonsecho ziwiri zotsalazo ndi zimene zimagwetsa munthu. Thupi limazizira thukuta likamauma pakhungu. Mpweya ukakhuta chinyezi, thukuta siliuma, limangoyenderera, ndiye mukutaya madzi koma osazizidwa. Madigiri 32 pa chinyezi cha 70 peresenti thupi limawamva ngati 41. Usiku nawo ukamakhala pamwamba pa 25, tulo timakhala ta apo ndi apo, ndipo tsiku lachitatu mumafika pamkeka wochitirapo yoga mutatopa kale.

FUNSO: Malo amene ndikufuna kupita pachilumba cha Crete ku Greece anditumizira ndondomeko ya tsiku. Kudzuka 8 koloko, yoga yamphamvu kuyambira 9:30 mpaka 11:30 pabwalo loyang'ana kunyanja, kenako kukwera phiri, yoga ina 5 koloko madzulo. Akuti zipinda n'zachilengedwe, zilibe makina oziziritsa. Mu Ogasiti zimenezi n'zotheka? Ndine mtsikana wa zaka 29.

YANKHO: Achemwali, ndondomeko imeneyi inalembedwera Epulo kapena Okutobala, ndipo eni ake sanaikhudzenso. Malo odziwa ntchito yawo amaonekera pomwepa: ndondomeko yawo ya m'chilimwe imasiyana ndi ya miyezi ina.

M'chilimwe mawotchi a ku Ulaya amakhala atakankhidwira kutsogolo ndi ola limodzi, moti ku Crete dzuwa limafika paliwombo cha m'ma 1:30, osati 12 koloko. Nthaka ndi makoma zimapitirizabe kumwa kutentha, ndipo chimake chimafika cha m'ma 3 kapena 4 koloko. Tsono 5 koloko imene akuitcha madzuloyo ndi masana enieni, dzuwa limalowa cha m'ma 8. Kukwera phiri 12 koloko ndiye kusakuganizirani. Mu Julayi 2023 akuluakulu a ku Greece anachita kutseka Acropolis, malo a mabwinja akale okopa alendo ku Athens, nthawi ya masana chifukwa cha kutentha, ndipo kumeneko alendo amangoyenda pang'onopang'ono akujambula.

Ndondomeko yoyenera imaika yoga yamphamvu m'bandakucha, kuyambira cha m'ma 6:30 n'kuweruka 8 koloko isanapitirire kwambiri. Kuyambira 11 mpaka 5 ndi nthawi ya mthunzi: kuphunzira mutakhala pansi, kusinkhasinkha, kugona. Yoga yamadzulo ikhale yofatsa, ya mtundu wa yin kapena yotsamira pamapilo, dzuwa litapendeka ndithu. Alembereni muwafunse ngati amasintha nthawi kukalengezedwa kuti kubwera kutentha koopsa. Akakuyankhani kuti mphepo ya kunyanja imakwanira, mwayankhidwa.

Za zipinda, kusowa kwa makina oziziritsa, aja timati AC, si mlandu pakokha. Nyumba ya makoma okhuthala amiyala, ya mawindo mbali ziwiri ndi zotsekera zamatabwa zimene amatseka masana n'kutsegula usiku, imagoneka. Chipinda cha pamwamba penipeni, pansi pa denga, kapena tenti yokongola yapamtetete, ndi uvuni. Funsani kuti chipinda chanu chili pati, chili ndi fani kapena ayi, ndiponso ngati pamalopo pali chipinda ngakhale chimodzi choziziritsidwa chimene munthu angathawireko. Fani ili ndi malire ake. Bungwe la WHO limalangiza kuti kutentha kukapitirira madigiri 40 fani isagwiritsidwe ntchito, chifukwa imangokupemererani mpweya wotentha kuposa thupi lanu. Pansi pa 40 imathandiza, makamaka khungu likakhala lonyowa. Bwalo lochitira yoga nalo likhale ndi denga. Kamkeka kakuda ka labala kakakhala padzuwa mphindi zochepa chabe kamawotcha zikhatho.

Chinthu china chimene otsatsa malonda satchula: thupi limatenga masiku 7 mpaka 14 kuti lizolowere kugwira ntchito m'malo otentha. M'masiku amenewo limaphunzira kutulutsa thukuta msanga, kusunga mchere, ndi kuwonjezera madzi a m'magazi. M'bindikiro wa sabata imodzi umatha thupi likungoyamba kuzolowera. Ngati thumba likulola, fikani masiku awiri kapena atatu m'bindikiro usanayambe, ndipo masiku awiri oyambirira chitani theka la zimene mumatha. Pa ndondomeko pakakhala hot yoga, ija ya mphindi 90 m'chipinda chochita kutenthetsa mpaka madigiri 40, idumpheni. Kunja kukutentha kale, thupi lilibe kopumira mukatuluka.

FUNSO: Ndili ndi zaka 58. Ndimamwa mankhwala a BP ndiponso ndimadzibaya insulin. Ana anga andilipirira m'bindikiro wa masiku 10 ku Koh Samui ku Thailand mu Ogasiti. Ndikane kapena ndipite?

YANKHO: Bambo, musakane msanga. Mwezi wotentha kwambiri ku Thailand ndi Epulo, ndipo mu Ogasiti mbali ya Koh Samui imalandira mvula yochepa poyerekeza ndi ya chilumba china cha Phuket. Komabe kumakhala cha m'ma 32 ndi chinyezi chambiri, choncho kaonaneni ndi dokotala wanu kutatsala masabata 4 mpaka 6, mutatenga mapaketi a mankhwala onse ndi ndondomeko ya m'bindikirowo.

Mankhwala ena amasintha mmene thupi limalimbanirana ndi kutentha. Okodzetsa, monga hydrochlorothiazide ndi furosemide, amachotsa madzi ndi mchere pomwe thukuta likuchotsanso zomwezo. Atenolol ndi propranolol amaletsa mtima kuthamanga, pomwe m'malo otentha mtima umafunika kufulumira kuti utumize magazi kukhungu. Amabisanso zizindikiro zina za kutsika kwa shuga. Enalapril ndi losartan nawonso amafuna kusamala: madzi akachepa m'thupi n'kuwonjezerapo ibuprofen kapena diclofenac chifukwa minofu ikuwawa, impso zimavulala. Mankhwala ena a chimfine ndi ziwengo, monga chlorpheniramine, komanso amitriptyline, amachepetsa thukuta. Musasiye mankhwala alionse mwa inu nokha. Funso lokafunsa ndi ili: tsiku limene ndatsegula m'mimba kapena ndikusanza, ndiimitse ati, ndipo ndiyambirenso liti? Yankho lake alilembe papepala.

Pamkeka, ngozi yanu yaikulu si BP kukwera koma kutsika mwadzidzidzi. Kutentha kumafutukula mitsempha, ndiye mukawerama nthawi yaitali n'kudzuka mofulumira, magazi amachedwa kufika kumutu, m'maso mumada bii. Dzukani mawondo atapindika pang'ono, mutu uweramuke pomaliza, ndipo mkeka wanu uyaleni pafupi ndi khoma. Zoimirira ndi mutu kapena ndi mapewa zisiyeni, makamaka ngati muli ndi matenda a maso a glaucoma. Siyaninso kubanika mpweya nthawi yaitali ndi kupuma kwa befu kumene amati kapalabhati ndi bhastrika. Kupuma kofatsa kwa sitali, kokoka mpweya lilime litapindidwa, kulibe vuto, koma kumaziziritsa m'kamwa basi, sikulowa m'malo mwa mthunzi.

Insulin imalowa m'magazi mofulumira khungu likatentha, ndipo kumalo ambiri otere chakudya chimakhala chopepuka, kwina kawiri kokha patsiku. Shuga akhoza kutsika. Chovuta n'chakuti thukuta, kunjenjemera ndi kusokonezeka mutu zimafanana ndi za kutentha, choncho musaganizire, yezani. Pambali pa mkeka pazikhala kachida koyezera ndi kanthu kotsekemera. Insulin yosatsegula imasungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, mufiriji koma osaiumitsa. Imene mukugwiritsa ntchito isapitirire madigiri 30. M'ndege ikhale m'chikwama cham'manja pamodzi ndi kalata ya dokotala. Afunseni eni malowo ngati m'chipinda muli firiji, ndiponso kuti chipatala chogoneka odwala chili pamtunda wa mphindi zingati. Nambala ya ambulansi ku Thailand ndi 1669.

FUNSO: Mnzanga akuti kumalo otentha ndizimwa malita 5 patsiku, wina akuti ndizimwa ludzu likandipeza. Zoona n'ziti?

YANKHO: Onse awiri akuyankha funso losayenera, chifukwa anthu satuluka thukuta mofanana. Wina amataya theka la lita pa ola, wina malita awiri. Njira yodziwira zanu ndi sikelo. Dziyezeni musanayambe yoga ndiponso mukamaliza, mutavula zonyowa. Kilogalamu imodzi imene yachoka ndi lita imodzi ya madzi. Bwezerani lita imodzi ndi theka pa kilogalamu iliyonse, pang'onopang'ono m'maola otsatira. Mukataya zoposa 2 peresenti ya kulemera kwanu, monga makilogalamu 1.4 kwa munthu wa makilogalamu 70, ndiye kuti munamwa mochepa. Sikelo ikaonetsa kuti mwalemera kuposa poyamba, munamwa mopitirira.

Kumwa mopitirira kumapha, ndipo m'bindikiro ndi malo ake enieni. Munthu akutuluka thukuta la mchere, akudya zamasamba zopanda mchere wokwanira, kwinaku akumulimbikitsa kumwa madzi kuti "atsuke thupi". Mchere wa m'magazi umasungunuka, ubongo umatupa. Zimayamba ndi mutu, nseru ndi kutupa zala, kenako kusokonezeka ndi kukomoka. Anzake amaganiza kuti madzi amuchepera, n'kumuwonjezera ena. Mukamachita zolimbitsa thupi pamalo otentha, kapu imodzi pa mphindi 15 kapena 20 zilizonse imakwana, ndipo musafike lita imodzi ndi theka pa ola.

Nyamulani mapaketi a ORS. Akatha, sungunulani masipuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi aukhondo, masipuniwo osachita mulu. Madzi a kokonati ndi abwino koma mchere wake ndi wochepa. Mkodzo uzikhala wachikasu chopepuka. Ukada ngati tiyi wopanda mkaka, minofu n'kumawawa kwambiri ndi kufooka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo: zimenezi zimachitika minofu ikawonongeka, ndipo zotuluka m'minofuyo zimatseka impso.

FUNSO: Ndamva kuti ku Kerala ku India nthawi yabwino ya chithandizo cha Ayurveda, mankhwala achikhalidwe a kumeneko, ndi ya mvula. Ndapeza malo a yoga ndi panchakarma a masiku 14 mu Julayi, kuphatikizapo kusala kudya. Mukuti bwanji? Ndine mayi wa ana atatu.

YANKHO: Mayi, munamva zoona. Monsoon imafika ku Kerala cha kumayambiriro kwa Juni, ndipo mwambo wa kumeneko umaika chithandizo chotere m'mwezi wa Karkidakam, kuyambira pakati pa Julayi mpaka pakati pa Ogasiti. Dzuwa silikhala lolusa ngati la mu Epulo ndi Meyi. Koma chinyezi chimakhala chadzaoneni, zovala siziuma, nyanja imakhala yaukali yosasambika.

Dziwani chimene mukugula. Panchakarma si kusisitidwa ndi mafuta kokha. Muli kumwa mafuta masiku angapo, kufukizidwa nthunzi, mankhwala otsegula m'mimba amene amati virechana, ndi kupopedwa mankhwala kumbuyo kumene amati basti. Zonsezi zimachotsa madzi ndi mchere. Malo oyenera amakupimani ndi dokotala wa Ayurveda tsiku loyamba, amafunsa za mankhwala amene mukumwa, ndipo m'masiku otsukawo amakuletsani yoga yamphamvu. Malo amene akulonjeza kusala kudya, kutsuka m'mimba ndi yoga ya maola anayi tsiku limodzimodzi akuphatikiza zinthu zimene eni mwambowo saphatikiza. Woyembekezera, wa matenda a impso kapena a mtima, wobaya insulin, ndi amene anavutikapo ndi matenda okana chakudya asayerekeze n'komwe.

Mankhwala amene akupatseni, funsani dzina lake ndi zimene zilimo, azilembe. Ena a gulu la rasa shastra amapangidwa dala ndi zitsulo, ndipo m'mankhwala ena a Ayurveda mwapezekapo mtovu, mercury ndi arsenic. Ngati mukumwa mankhwala a tsiku ndi tsiku a moyo wonse, wina akakuuzani kuti muwaimitse kaye kuti thupi liyere, longedzani chikwama.

FUNSO: Mchemwali wanga anapita ku m'bindikiro wina chaka chatha. Tsiku lachitatu anayamba mutu, nseru ndi chizungulire. Mphunzitsi anamuuza kuti ndi zoipa zikutuluka m'thupi, apirire. Madzulo ake anakomoka. Ine ndikupita chaka chino. Ndidzadziwa bwanji kuti zafika poipa?

YANKHO: Pepani ndi zimene zinaonekera achemwali anuwo. Mawu oti zoipa zikutuluka avulaza anthu ambiri. Pamalo otentha, mutu, nseru ndi chizungulire muzitenge kuti ndi kutentha kapena vuto la madzi ndi mchere, mpaka wachipatala atanena zina.

Pali masitepe awiri. Loyamba ndi kulefuka ndi kutentha: thukuta kamukamu, khungu lozizira ndi lonyowa, mtima kugunda mofulumira, minofu kukokana, mutu, nseru, koma munthu akulankhula zanzeru. Ameneyo achoke pamkeka nthawi yomweyo, agone pamthunzi miyendo itakwezedwa, amasule zovala, anyowetsedwe ndi kukupizidwa, amwe ORS pang'onopang'ono. Pakatha mphindi 30 osasintha, kapena akusanza chilichonse chimene wamwa, apite kuchipatala. Tsiku limenelo ndi lotsatira lake asabwerere pamkeka.

Lachiwiri ndi limene limapha. Kutentha kwa m'kati mwa thupi kumapitirira madigiri 40 ndipo ubongo umayamba kusokonezeka. Chizindikiro chake chachikulu ndi khalidwe: munthu wofatsa wayamba ukali, akulankhula zosagwirizana, akudzandira ngati woledzera, sakudziwa kumene ali, kapena wagwa n'kumaphupha. Musadikire kuti thukuta liume. Ambiri amene zawagwera akuchita zolimbitsa thupi amakhala akadali thukuta lokhalokha. Wina aimbe foni, 112 m'mayiko a European Union ndi ku India, ena ayambe kumuziziritsa pomwepo osadikira galimoto. Njira yachangu koposa ndi kumuviika m'madzi ozizira mpaka m'khosi, wina atamugwira mutu. Bafa likasowa, muthireni madzi ozizira thupi lonse mosalekeza, mukumukupiza, ndi kumuika matawulo onyowa ozizira, kumawasintha pafupipafupi. Wosokonezeka musamumwetse kanthu, angatsamwe. Paracetamol sathandiza pamenepa, chifukwa uku si kutentha thupi kwa matenda.

Musanalipire, afunseni mafunso awiri: ndani pamalopo anaphunzira chithandizo choyamba, ndipo usiku galimoto ndi woyendetsa zimakhalapo? Komanso pitani ndi mnzanu kapena panganani ndi wogona naye chipinda kuti muziyang'anirana, chifukwa wosokonezeka mutu sadziwa kuti wasokonezeka.

FUNSO: Akufuna ndilipire theka la ndalama tsopano, ndipo akuti sizibwezedwa. Viza sindinaipeze. Nanga kukachitika ngozi ya nyengo? Ndine mphunzitsi.

YANKHO: Aphunzitsi, safunsa anadya phula, ndipo mwafunsa nthawi yabwino. Musanatumize kalikonse, akupatseni polemba mayankho a zinthu zitatu: viza ikakanidwa chimachitika n'chiyani, iwo akalepheretsa m'bindikirowo chifukwa anthu achepa amabweza zingati ndipo liti, komanso boma likatseka dera chifukwa cha moto, madzi osefukira kapena kutentha, ndalama zanu zili pati. Funso lachitatuli si longopeka. Mu Julayi 2023 moto wolusa unachititsa kuti anthu pafupifupi 19,000 asamutsidwe pachilumba cha Rhodes ku Greece, ambiri mwa iwo alendo, ndipo pa 11 Ogasiti 2021 pachilumba cha Sicily ku Italy panatentha madigiri 48.8. Malo ambiri salola kubweza dipoziti koma amalola kuisamutsira ku deti lina. Limbikirani pamenepo.

Lipirani ndi khadi ku kampani ya dzina lodziwika, chifukwa banki ili ndi njira yotsatira ndalama ngati simunalandire chimene munagula. Ndalama yotumizidwa ku akaunti ya munthu payekha ikapita yapita. Tikiti ya ndege yosasinthika gulani viza itatuluka ndiponso eni m'bindikiro atatsimikiza kuti uchitikadi. Powerenga ndemanga za amene anapitako, sakani za mwezi womwe inu mukupita. Wopita mu Okutobala sangakuuzeni za usiku wa mu Ogasiti.

Viza ya Schengen, yolowera ku Spain, Greece, Italy kapena Portugal, imafuna inshuwalansi ya zachipatala yosachepera ma euro 30,000, ndipo kuyambira mu Juni 2024 munthu wamkulu amalipira ma euro 90. Amalola kupempha kutatsala miyezi 6. Yankho limatenga masiku 15, nthawi zina mpaka 45, ndipo chilimwe chikayandikira mpata wokaonekera umasowa, choncho yambani msanga. Ku India viza ya alendo yapa intaneti imalola maphunziro afupiafupi a yoga, ndipo mu 2023 anakhazikitsa viza ya Ayush ya opita kukalandira chithandizo chonga cha Ayurveda. India imafunanso khadi la katemera wa yellow fever kwa ochokera kapena odutsira m'mayiko amene muli matendawa, ndiye yang'anani kumene ndege yanu ikuima. Pasipoti ikhale ndi miyezi 6 yotsala.

Inshuwalansi iwerengeni mpaka timalemba ting'onoting'ono. Matenda amene muli nawo kale mukawabisa, sadzalipira. Ambiri salipiranso zovuta zobwera ndi mankhwala achikuda, kapena ngozi ya njinga yamoto yobwereka mulibe laisensi yake.

FUNSO: Pa chikalata chawo alemba kuti mphunzitsi ndi "RYT 200". Ndiye kuti ndi katswiri? Chachiwiri, ine ndine wopemphera. Akandikakamiza miyambo ya chipembedzo china?

YANKHO: Zilembozo zikutanthauza kuti anamaliza maphunziro a maola 200 pasukulu yolembetsedwa ku Yoga Alliance, bungwe la ku America. Ndi kaundula, bungwelo silimuyesa munthu mayeso, ndipo maola amenewo ena amawamaliza mwezi usanathe. Ndi poyambira chabe. Funsani zaka zimene waphunzitsa ndi kuchuluka kwa anthu m'kalasi. Mphunzitsi mmodzi pa anthu 30 sangaone kuti wa kumbuyo uja nkhope yatuwa. Chizindikiro chabwino ndi fomu ya zaumoyo imene amakutumizirani musanalipire.

Za chipembedzo, malo amasiyana. Ashram ya ku India ndi nyumba ya uzimu wa Chihindu. M'ma ashram ambiri kuimba, mapemphero a m'mawa ndi madzulo ndi mbali ya tsiku, ndipo ena amafuna aliyense akhalepo. Malo a mtundu wa hotelo nthawi zambiri amangophunzitsa zolimbitsa thupi ndi kupuma. Pemphani ndondomeko yonse, mufunse zimene zili zokakamiza, musankhe mukudziwa.

FUNSO: Nanga udzudzu? Ndikupita ku Bali ndipo yoga yake ndi yapanja.

YANKHO: Ku Bali, ku Thailand ndi ku India wokuopsani kwambiri ndi udzudzu wa Aedes wofalitsa matenda a dengue, ndipo umaluma masana, makamaka m'mawa ndi chakumadzulo dzuwa lisanalowe, nthawi zomwe zija tati ndi zabwino kuchita yoga. Neti yausiku yokha siikwanira. Dzolani mankhwala othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET wa 20 mpaka 50 peresenti, kapena picaridin wa 20 peresenti, osaiwala akakolo ndi kuseri kwa mawondo. Ngati mukudzolanso mafuta oteteza kudzuwa, a SPF 30 kapena kuposa, yambani ndi amenewo, aume, kenako a udzudzu pamwamba; thukuta limachotsa zonse, ndiye muzibwereza. Zovala zikhale zopepuka, zotakasuka, zowala ndi zofika m'mikono ndi m'miyendo. Dengue imaonekera pakatha masiku 4 mpaka 10 chilumidwireni, kotero ikhoza kukupezani mutabwerera kale. Thupi likatentha, mutu ukuwawa kuseri kwa maso ndi m'mafupa mukuphwanya, imwani paracetamol yekha, osati aspirin kapena ibuprofen chifukwa amawonjezera kutaya magazi, ndipo kuchipatala mukawauze dziko limene munali ndi tsiku limene munachokako.